Ogulitsa mbande za hydrangea sakutinamiza

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo za duwa la hydrangea, lija limachita maluwa owunjikana ngati mpira nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira. Ndamva anthu angapo akudandaula kuti ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu anawapusitsa, ati anagula duwa labuluu koma litakhazikika pakhomo linayamba kutulutsa maluwa apinki.

Inenso ndinakwiyapo chimodzimodzi nditabzala mbande yochokera ku Thyolo pakhomo panga ku Lilongwe, koma pambuyo pake ndinazindikira kuti wolakwa ndinali ine ndemwe, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkathira phulusa la pambaula patsinde pake poganiza kuti ndikulidyetsa. Duwali, lomwe kwawo ndi ku Japan, limakhala labuluu pokhapokha mizu yake ikamayamwa aluminiyamu, mchere wina wopezeka m'dothi, ndipo aluminiyamuyo amasungunuka m'dothi la asidi wambiri, lomwe pH yake (muyeso womwe umatsika asidi akamachuluka) ili cha pa 5.5 kapena kutsikirapo. Dothi lotere ndi lomwenso tiyi amakonda, n'chifukwa chake ku Thyolo ndi ku Mulanje maluwawa amakonda kutuluka abuluu. Phulusa ndi laimu zimachepetsa asidi, ngakhalenso simenti ya khoma la nyumba imachita zomwezo pang'onopang'ono, kotero pH ikakwera kupitirira 6.5 duwa lomwe lija limasanduka lapinki. Loyera lokha ndilo silisintha, kaya mulithire chiyani.

Wofuna mtundu wabuluu asiye phulusa ndipo abzale patali ndi khoma. Asayembekezere kusintha m'sabata imodzi, pakuti zimatenga miyezi yambiri, mwinanso chaka chathunthu.

Kulakwitsa kwina komwe ndimaona kawirikawiri ndi kwa kadulidwe. Ambiri amatenga chikwanje m'nyengo yozizira n'kusadza chitsamba chonse mpaka pansi, kenaka n'kumadabwa kuti chaka chimenecho changochita masamba okhaokha. Mphukira za maluwa zimakhala zitapangika kale pa nthambi zomwe zinakula mvula yapitayo, choncho tiyenera kudula nthambi zouma ndi zomwe zachita kale maluwa, pamwamba pa mphukira ziwiri zonenepa, n'kusiya zinazo. Timitengo todulidwato tisatayidwe, chifukwa tikatizika mumchenga wachinyezi pamthunzi timamera mizu mosavuta, ndipo mbande imapezeka popanda kutulutsa ndalama.

Duwali limamwa madzi kwambiri ndipo dzuwa la mu Okutobala limalifoola, motero malo abwino ndi omwe pamawomba dzuwa la m'mawa lokha, masana n'kukhala pamthunzi. Amene amakhala kumadera otentha ngati ku Chigwa cha Shire, ndingawalangize kuti asadzivutitse nalo. Amene ali ndi mbuzi kapena ana aang'ono adziwenso kuti masamba ndi maluwa ake ali ndi poizoni, choncho ndi bwino kulitchingira ndi kampanda.

Ine wanu,
Wokonda maluwa,
Lilongwe