Nsungwi za ku Joni ndi dimba la bambo

Randburg, Johannesburg
Lamulungu, mwezi wa Seputembala

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifune kudziwa za moyo wanu, makamaka mwendo uja unkakusautsani nthawi yozizira. Kodi kutupa kuja kunaphwa? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga ndipo ntchito ikuyenda. Moni wanga apite kwa amalume, kwa achimwene ndi alamu, kwa mtengwa wanu ndi ana, osaiwala mlongo wanga amene ndikudziwa kuti ndiye wakhala pamkeka kukuwerengerani kalatayi. Pafoni timalankhulana ndithu, koma mawu ake amakhala othamanga, bandulo imatha nkhani isanafike pamutu pake. Ndiye ndati ndilembe. Mnzanga wa kwa Mkanda akukwera basi Lachitatu, adzaisiya pa Kamwendo.

Katundu yense anafika bwino: ufa woyera, nsinjiro, mfutso wa nkhwani ndi kamtolo ka mbewu. Kamtoloko ndinakazindikira ndisanakamasule, chifukwa munakamanga ndi kachidutswa ka chitenje chanu chakale chobiriwira chija, mfundo yake yomwe ija mumamangira ndalama za kutchalitchi. Ndinakhala pabedi nthawi ndithu nditangokagwira m'manja. Usiku womwewo ndinaphika mfutso wotendera, ndinaitana anyamata awiri a kwathu, tinadya osalankhulana mpaka mphika kuyera.

Kuno dzinja lawo lozizira latha. Pa 1 Seputembala amati ndi tsiku loyamba la nyengo yophukira mitengo, ana asukulu ena amavala zamaluwamaluwa. Kuzizira kwa kuno si kwa kwathu, Amayi. Mzindawu uli pamwamba kwambiri, mamita opitirira 1,700, ndiye mu Juni ndi Julaye chisanu chimagwa usiku, m'mawa kapinga yense ali mbuu ngati mwawazapo ufa, madzi a mupaipi atauma gwaa. Kumapeto kwa Julaye ndinadulira maluwa a rozi a adona mpaka kutsala timitengo tokhatokha, munthu wosadziwa akanati ndawapha. Lero apita patsogolo, atulutsa timasamba tofiira ngati momwe mitengo ya tsamba imachitira m'phiri la Mchinji mwezi uno. Mapichesi achita maluwa masamba asanabwere. Mwezi wamawa jakaranda adzayamba, misewu yonse idzakhala yofiirira ngati ku Lilongwe. Mvula sinagwe, nakonso kuno amaidikira cha mu Okutobala.

Mbewu zanu ndinachita nazo phuma. Kuseri kwa chipinda chomwe ndimagona kuli kamalo kotalika mapazi khumi, pakati pa khoma ndi mpanda. Abwana anandilola kuti ndizidzalapo zanga. Masiku awiri atatu a mu Ogasiti kunatentha, ine mtima unathamanga, ndinadzala maungu. Anamera bwino, masamba awiri oyamba aja ali tambasu. Kenaka chisanu chinabwerera usiku umodzi wokha, m'mawa ndinapeza onse agona, akuda ngati awathira madzi owira. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti nthangalazo munachita kusankha dzungu lokoma, n'kuziyanika padenga la nkhokwe. Mwamwayi ndinasungako zisanu ndi imodzi. Ndazidzala sabata yatha m'zidebe zakale za penti, usiku ndimazilowetsa m'nyumba.

Koma bonongwe ndiye wandisangalatsa. Ndinamuwaza m'matayala awiri akale odzaza ndi dothi losakaniza ndi manyowa, wamera thithithi. Mpiru nawonso wafika poti Lamulungu likubwerali ndithyolako. Madzi kuno ndi ogula, ndipo nyengo ino a mzinda amaletsa kuthirira ndi paipi dzuwa lili pamutu, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ndiye ine ndimasunga madzi otsukuluzira zovala mu ndowa, ndimathirira mbandakucha ndisanayambe za abwana. Chisoso chokha sindinavutike kudzala. Chimamera chokha m'mbali mwa maluwa momwe mumafika madzi, eni ake amati ndi udzu woipa, ndizule ndikataye. Ine ndimazula ndithu, koma nsonga zake zimathera mumphika mwanga.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandigwiritsa cholembera.

Kumapeto kwa yadi kuli phata la nsungwi lomwe linakula mpaka kuyamba kukankha khoma la aneba. Anandiuza kuti ndidule theka, galimoto yotaya zinyalala idzatenge. Nditagwetsa yoyamba n'kuiona kuwongoka kwake, mfundo zotalikirana bwino, ndinamva ngati bambo aima pambuyo panga. Ndinapempha kuti zinayi ndisunge. Lamulungu lotsatira nditachoka kopemphera ndinakhala pakhomo ndi mpeni, ndinayamba kung'amba. Zaka zoposa khumi ndi zisanu ndisanagwire nsungwi, Amayi, koma manja anakumbuka okha: kung'amba pakati, kung'ambanso, kuika kachikopa pabondo n'kumakoka kamzere pansi pa mpeni mpaka kapyapyale, kenaka kuviika m'madzi kuti kafewe. Fungo la nsungwi yaiwisi lija linandifikitsa pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa khola, pomwe bambo ankakhala madzulo, mapalo a nsungwi ali mbwee kumapazi kwawo, wailesi ili pambali.

Ndaluka lichero. Pakati pake patuluka bwino, mizere yake yayenda mopingasa monga ankachitira iwo. Pamene pandigonjetsa ndi pamkombero. Ndapinda katatu konse, kawiri unathyoka, kachitatu wagwira koma lichero lapendekeka mbali imodzi, ndipo posowa luzi ndamanga ndi waya. Apa ndi pomwe ndazindikira kuti mkombero sindinauphunzire. Nthawi zonse ndinkaluka pakati pokha, ndikafika m'mphepete bambo ankati bweretsa, n'kumaliza okha, ine ulendo ku mpira. Ndinkayesa adzakhalapo mpaka kalekale.

Pamtengo wa pafupi ndi dziwe losambiramo pali atchete, ayamba kumanga zisa mwezi uno. Yaimuna imang'amba tsamba la kanjedza kutalika kwake konse, n'kuuluka nako kamzereko, kumaluka chadodolido tsiku lonse. Chisa chikapanda kukondedwa ndi yaikazi, imachiphwasula n'kuyambiranso. Ndimaiyang'ana nthawi ya nkhomaliro. Nanenso mkombero uja ndiumasula, ndiyesenso.

Ndiye pempho langa ndi ili. Amalume ndi okhawo atsala pabanja pathu odziwa kumanga mkombero wa lichero ndi kuluka dengu lomwe silidontha ufa. Maso awo akuchepa mphamvu. Mdzukulu wanu wamkuluyo azipita kwa iwo Loweruka lililonse, akakhale nawo pansi, aziwang'ambira nsungwi, aphunzire mpaka kumapeto, osathawira pakati ngati ine. Asaone ngati ndi ntchito ya anthu osaphunzira. Kuno ndaona anyamata a ku Zimbabwe akudyetsa mabanja awo ndi tinyama ta waya ndi mikanda tomwe amagulitsa pamaloboti, ndipo madengu oluka pamanja m'masitolo a kumayadi mtengo wake ndi woti simungakhulupirire. Koma ngakhale asadzagulitse ndi limodzi lomwe, ndikufuna luso la agogo ake likhale m'manja mwake. Amalume muwauze kuti sopo ndi shuga wawo ndizidzaonako ine mwezi ndi mwezi. Andiuzenso za ulendo wawo wa ku Kulamba, ku Mkaika kwa Gawa Undi, ngati anakwanitsa kuwoloka chaka chino.

Nkhani inayo ndi ya dimba. Ndamva kuti pabwera munthu wofuna kulibwereka zaka zitatu kuti azilimamo tomato wogulitsa, ndipo achimwene akuona kuti ndi bwino chifukwa ndalama yake ndi ya pompopompo. Achimwene, ndikudziwa kuti mukumva nawo kalatayi, ndipo sindikukunyozani. Inu ndi amene muli pakhomo, mavuto a tsiku ndi tsiku amagwera inu, ine ndili kutali. Feteleza wakwera, nazale ya fodya ikufuna inu m'mawa ndi madzulo mwezi uno, manja ndi ochepa. Zonsezo ndikuzimvetsa. Koma chonde, dimba lokhalo tisalipereke.

Fodya ndi mtedza ndalama yake imabwera kamodzi pachaka. Dimba ndi limene limatidyetsa kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pamene kumunda kuli fumbi lokhalokha. Mukukumbuka njala ya 2002, Amayi? Anthu ankadya gaga ndi mizu, ife tinapulumukira maungu ndi mondokwa za m'dimba lomwelo, ndipo munkagawirako ndi a kutsidya. Chitsime cha pakona chija bambo anakumba ndi manja awo, sichinaphwepo ngakhale chaka chomwe dambo lonse linang'ambika. Wobwereka sadzasamala nthochi za m'mphepete, sadzasamala nzimbe, adzathira mankhwala ndi feteleza kuti akolole msanga, zaka zake zikatha adzatisiyira nthaka yotopa. Ndipo malo a kudambo mukudziwa momwe amavutira: munthu akalimapo zaka zingapo, kumuchotsa mpaka kukafika kwa amfumu.

Kuno ndimasamala munda wa eni, waukulu kuposa dimba lathu, wopanda ndi phesi limodzi lomwe la chimanga. Ndimaukonda, sindinama, ndipo anthu ake amandilemekeza. Koma ndikamatchetcha kapinga mtima umakhala uli kudambo kwathu, ndikuwerenga kuti pofika pano anyezi akhwima, chimanga cha m'dimba chamasula ngaiyaye. Ndikadzatopa ndi Joni ndidzabwerera kumeneko, kulibenso kwina.

Kuti mawu anga asakhale opanda kanthu, ndatumiza R2,000 pa Mukuru m'dzina la mtengwa wanu. Gawo loyamba alembe anyamata awiri aganyu akonze mpanda, mbuzi zisamalowe, ndi kuchotsa matope m'chitsime. Gawo lina agule makheni awiri ndi mbewu ya repu ndi tomato. Zotsala ndi za makope ndi yunifolomu, poti sukulu zatsegulira. Wamkuluyo walowa Sitandade 5, maphunziro ayamba kukhala m'Chingerezi, mlongo wanga uzimuyang'anira madzulo asanagone. Za pampu ndikusunga pang'onopang'ono, ndikufuna chaka chamawa inu Amayi musadzanyamulenso kheni.

Chinanso, zinyalala za pakhomo musamatenthe. Kuno masamba onse ogwa mu Meyi ndi Juni ndimawaunjika pakona, kuthirako udzu wometa ndi makoko a kukhitchini, kuwaza madzi, kutembenuza pakapita milungu iwiri. Mulu womwe ndinaunjika chisanu chisanayambe ndaufukula sabata ino, wasanduka dothi lakuda lonunkhira ngati m'nkhalango, nyongolotsi zili yakaliyakali. Inu muli ndi zoposa zanga: makoko a mtedza, mapesi, ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku, phulusa. Achimwene ayesenso manyowa a Mbeya omwe alangizi amaphunzitsa aja, osakaniza feteleza pang'ono ndi madeya, phulusa ndi ndowe n'kumanga m'thumba masiku 21. Akayamba mu Okutobala adzapsa nthawi yabwino.

Mulungu akalola ndibwera mu Disembala abwana akapita kutchuthi. Ulendo wake ndi womwe uja, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, kulowera pa Dedza, masiku awiri kapena atatu malinga ndi mizere ya pachipata. Wamng'onoyo mumuuze kuti galimoto yake ya mawaya ndayamba kale, matayala ake ndi a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chake chachitali chomufika pachifuwa. Lichero lija ndidzabwera nalo, lopendekeka kapena lowongoka, kuti amalume adzandionetse pomwe ndikulakwitsa.

Mundiyankhe za dimba musanamuyankhe munthu uja. Ndipo wina akamabwera kuno munditumizireko nthangala zina za maungu ndi therere pang'ono, ndi kamtolo ka luzi.

Tsalani bwino Amayi, muzindipempherera.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni