Mayeso a pepala anditcha wopupuluma

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mayeso amene olemba ntchito ena akupereka pofuna kuona mmene munthu amasankhira zochita. Mwezi watha ndinakafunsira ntchito pa kampani ina, ndipo tisanaitanidwe mmodzimmodzi anatigawira pepala la mafunso. Funso lina linabwera katatu mosinthasintha: ungakonde ndalama zochepa lero kapena zochulukirapo pakatha miyezi itatu? Katatu konse ndinasankha za lero. Pamapeto pake mayi wina mwa ofunsawo anandiuza, mwaulemu ndithu, kuti mayankho anga akusonyeza kuti ndine wopupuluma.

Ndili ndi zaka 46. Ndinagwirapo ntchito miyezi isanu kwa bwana amene mwezi ukatha ankati, "Pirirani, ndidzakupatsani pamodzi ndi zoonjezera." Ndalamazo sindinazionepo mpaka lero. Tsono pepala likandilonjeza zambiri patsogolo, ndimayamba ndafunsa kuti akulonjezayo ndani.

Maganizo a mayesowa si achilendo. Cha m'ma 1970, Walter Mischel wa ku yunivesite ya Stanford ankaika switi patsogolo pa mwana wamng'ono n'kumuuza kuti akadikira mphindi pafupifupi 15 osaidya, alandira ziwiri. Anthu anafika pokhulupirira kuti mwana wodikira ndiye adzachite bwino m'moyo. Koma Celeste Kidd ndi anzake ku yunivesite ya Rochester anachita mwanzeru. Asanayese ana, ena anawalonjeza zojambulira zabwino n'kuwabweretseradi, ena anawalonjeza n'kubwera chimanjamanja. Amene ananamizidwa anadikira mphindi zitatu zokha, pamene anzawo anadikira pafupifupi 12. Kodi ana onamizidwawo anali opanda khalidwe? Ine ndikuti anali ochenjera. Ndipo mu 2018, Tyler Watts atabwereza kafukufuku wa switi uja pa ana oposa 900, anapeza kuti mukaganizira banja limene mwana akukuliramo, kudikirako sikulosera zambiri monga ankanenera.

Sindikunyoza mafunso onse. Pepala lomwelo linali ndi funso la katswiri wina wofufuza, Shane Frederick, la mu 2005: maluwa a pa dziwe amawirikiza kawiri tsiku lililonse ndipo amadzaza dziwe pa masiku 48, ndiye theka amalidzaza tsiku liti? Ndinalemba 24 mothamanga. Ndili m'njira pobwerera ndipo ndinazindikira kuti ndi 47, manyazi n'kundigwira ndekhandekha. Pamenepo ndikuvomera, ndinapupuluma, chifukwa yankho lolondola ndi limodzi ndipo ndinalidumpha.

Funso la ndalama lija lilibe yankho limodzi. Mayi aja akanangondifunsa kuti ndinasankhiranji za lero, ndikanawafotokozera za miyezi isanu ija, ndi kuti bwana ameneyo ndinamupirira mpaka mwezi wachisanu ndisanachoke. Pepala lawo linalibe malo olembapo zimenezo.

Ine wowerenga wanu,
Wofunafuna ntchito