Mahedifoni amene munati ndi oyenera aliyense

Kwa Mkulu Woyang'anira Malonda ndi Chisamaliro cha Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi podandaula za mahedifoni opanda waya, aja ophimba khutu lonse, amene ndinagula kwa inu mwezi wathawu, komanso za yankho limene ndinalandira nditapempha kuwabweza. Nambala ya lisiti ili pa kalata imene ndatumiza ku ofesi yanu. Iyi ndayiika poyera chifukwa ndikukhulupirira kuti si ine ndekha amene zoterezi zandichitikira.

Mahedifoniwa munawaika pamwamba penipeni pa mndandanda wa zida zimene mumalangiza anthu kugula. Pansi pake munalemba kuti ndi oyenera aliyense ndiponso nyimbo za mtundu uliwonse, n'kusonyezanso nyenyezi zambirimbiri zimene ogula ena anapereka. Ine ndinawakhulupirira mawu amenewo. Munthu amene akugula chida chomvera ali kutali alibe mpata woyamba wachivala kumutu, amangodalira zimene wogulitsa wanena.

Ndine mayi wa zaka zopitirira 50. Ntchito yanga ndi yomvetsera zokambirana zojambulidwa n'kumazilemba liwu ndi liwu: misonkhano, mafunso a ochita kafukufuku, nthawi zina maphunziro. Mahedifoni amakhala kumutu kwanga maola ambiri pa tsiku. Ndikaweruka ndimakonda makwaya ndi nyimbo za gitala wosagwiritsa ntchito magetsi. Choncho chimene ndimafuna kwa mahedifoni si chachilendo ayi. Ndimafuna mawu a munthu azimveka bwinobwino, ndizimva pamene wapumira ndi pamene wameza chilembo.

Anuwa sachita zimenezo. Besi yake ndi yochuluka moti imakwirira china chilichonse. Pa chojambulidwa china, bambo wina wachikulire ankalankhula motsitsa mawu m'chipinda momwe fani inkazungulira. Ndikavala mahedifoni anga akale, amene makhushoni ake anayamba kale kusupuka, fani ija imamvekera patali ndipo bamboyo amamveka pafupi. Ndikavala atsopanowa, kung'ung'uza kwa fani kumadzaza mutu wonse. Wina akagunda tebulo pang'ono ndimakumva mpaka m'mano, koma "sa" ndi "fa" sindikuzisiyanitsa, "pha" ndi "tha" zikumveka chimodzimodzi. Ndimabwezera m'mbuyo chiganizo chimodzi mobwerezabwereza, chala chili pa batani, maso otsinzina, kuyesa kutola liwu limodzi lokha. Ntchito imene ndinkamaliza dzuwa lisanalowe ikumandifikitsa usiku. Pa kwaya ndiye oimba besi amakwera pamwamba pa onse, a alito amasoweratu, ndipo mawu a nyimbo ndimachita kuwakumbukira m'malo mowamva.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti pofuna kumva mawu okwiririkawo ndinayamba kukweza voliyumu. Voliyumu ikakwera, besi ija imakweranso limodzi. Madzulo ena ndinavula mahedifoni makutu akulira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la ma decibel 80 (decibel ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likangowonjezekera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yovomerezekayo imatsika ndi theka. Ine maola 40 amenewo ndi sabata yanga yantchito. Makutuwa ndi amene amandidyetsa, ndipo akawonongeka sabwereranso mwakale.

Nditaimba foni ku ofesi yanu, mnyamata amene anandiyankha anali waulemu, ndipo pa chimenecho ndikuyamikira. Koma anandiuza kuti malamulo anu salola kubweza mahedifoni amene bokosi lake latsekulidwa pokhapokha ngati ali owonongeka. Anandifunsa ngati mbali zonse ziwiri zikulira, ngati batire ikusunga moto, ngati Bluetooth ikulumikizika. Zonsezo ndinati eya. Ndiye anati palibe vuto, ndipo anandikumbutsa kuti anthu ambiri akuwakonda. Nditalimbikira anandilangiza zinthu ziwiri: ndisinthe kamvekedwe kake pa pulogalamu ya pa foni, kapena ndigule mtundu wina wokwera mtengo kuposa pamenepa.

Bwana, ine sindikunena kuti mahedifoniwa ndi owonongeka. Mwana wanga wamwamuna, amene ali m'zaka za m'ma 20, anawavala n'kuyamba kugwedeza mutu pomwepo, ndipo akundipempha kuti ndimusiyire. Kwa iye ndi abwino zedi. Dandaulo langa lili pa liwu lija lakuti "aliyense". Liwu limenelo ndi limene linandigulitsa katunduyu, ndipo si loona. Anthu amene amafufuza za kamvekedwe ka mahedifoni anasonyeza kale kuti si loona.

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Dr. Sean Olive ndi Todd Welti a ku kampani ya Harman International, eni ake a JBL ndi AKG, amene anayamba cha m'ma 2012. Iwo ankafuna kudziwa kamvekedwe kamene anthu ambiri amakonda ngati sakuona dzina la kampani kapena mtengo. Ankaveka omvetsera mahedifoni amtundu umodzi, n'kumasintha kamvekedwe kake ndi kompyuta kuti kafanane ndi ka mitundu ina yosiyanasiyana, voliyumu ili yofanana. Zimene anapeza ndi zimene masiku ano zimatchedwa Harman target, ndipo ambiri amene amayeza mahedifoni n'kulemba ndemanga amayerekezera ndi muyezo umenewu. Koma ofufuza omwewo sanabise mbali inayo. Ataunika mayankho a anthu 130 amene anamvetsera mitundu 31 ya mahedifoni, anapeza magulu atatu. Anthu 64 pa 100 alionse anakonda muyezo uja momwe ulili. Anthu 15 pa 100 alionse anafuna besi yochulukirapo, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna achinyamata. Anthu 21 pa 100 alionse anafuna besi yochepa, ndipo m'gulu limeneli munachuluka amayi ndi anthu opitirira zaka 50.

Pamene ndinawerenga zimenezi ndinadziona ndekha m'gulu lachitatulo, ndipo mwana wanga ndinamuona m'gulu lachiwirilo. Tili m'nyumba imodzi, magazi amodzi, koma makutu athu akufuna zinthu zotsutsana. Ndipo taonani: ngakhale kamvekedwe kamene kanapambana pa mayeso osamalitsa chotero kanasiya kunja anthu 36 pa 100 alionse, kutanthauza woposa mmodzi pa atatu. Nanga mahedifoni amene besi yake yachita kuwonjezeredwa dala kuti ikope munthu pa mphindi zoyamba, angakhale bwanji a aliyense?

Zifukwa za kusiyanaku sizovuta kuzimvetsa. Amati munthu amamva kuyambira ma hertz 20 mpaka 20,000 (hertz ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), koma zimenezo ndi za khutu la mwana. Munthu akamakula, mawu okwera ndi amene amayamba kuzimiririka, ndipo m'mawu okwerawo ndi momwe muli zilembo monga "s", "f" ndi "th" zimene zimasiyanitsa liwu ndi linzake. Besi yamphamvu imaphimba mawu amene ali pamwamba pake, choncho kwa munthu wa msinkhu wanga imalanda pamene pachepa kale. Kamsewu ka m'khutu nakonso, kotalika pafupifupi masentimita 2.5, kamakweza kokha mawu a pafupi ndi ma hertz 3,000, ndipo popeza kutalika ndi kupindika kwake kumasiyana munthu ndi munthu, mawu amene wina akuwamva okoma wina amawamva olasa. Mitu yopanga imene akatswiri amayezera mahedifoni ili ndi khutu la munthu wapakatikati. Palibe amene amayenda ndi khutu limenelo.

Ngakhale munthu mmodzi yemweyo samva mofanana nthawi zonse. Mwana wanga uja amavala magalasi a maso. Tili pa tebulo anavula magalasiwo mahedifoni ali kumutu, n'kundiyang'ana modabwa, akuti besi yawonjezekera pomwepo. Timiyendo ta magalasi tinkasiya kampata pakati pa khushoni ndi mutu, ndipo besi inkathawira pamenepo. Tsitsi lambiri limachitanso chimodzimodzi. Malo amene munthu akumvetsera nawonso ali ndi mbali yake. Amene amamvera nyimbo m'basi kapena m'sitima, injini ikubangula, besi yambiri imamuthandiza chifukwa phokoso la injini limameza mawu apansi. Ine ndimagwira ntchito m'chipinda cha zii. Palibe chomeza besiyo, yonse imathera m'mutu mwanga.

Za nyenyezi zija ndinene maganizo anga mosabisa. Sindikukayika kuti amene anazipereka anali oona mtima. Koma nyenyezi sizinena kuti wopereka ali ndi zaka zingati, amamvera chiyani, amamvera kuti, kapena wakhala nawo nthawi yotalika bwanji. Ambiri amalemba ndemanga akangotsekula bokosi, mtima uli m'mwamba, ndipo besi yamphamvu imasangalatsa msanga. Kutopa kwa makutu kumabwera pambuyo pa maola ambiri, pamene munthu sabwereranso kukalemba. Kulangiza munthu mahedifoni chifukwa ambiri agula kuli ngati kumupatsa nsapato ya saizi imene imayenda malonda kwambiri, osayang'ana phazi lake. Wogulitsa nsapato sangayerekeze kutero, ndipo ikathina amalola kuti isinthidwe ngakhale ilibe pong'ambika.

Malangizo awiri a mnyamata uja ndinawatsatira mpaka pamene ndikanatha. Pulogalamu ya pa foni ndinayiika. Muli zosankha zokonzeratu zochepa chabe, ndipo zambiri mwa izo ndi zowonjezera besi. Chimodzi chimene chimayitsitsa chinathandizako pang'ono, koma ntchito yanga ndimagwirira pa kompyuta, ndipo ndikalumikiza ndi waya mahedifoni ali ozimitsa kusintha konse kuja kumatha, besi n'kubwerera. Zimenezi simunazilembe paliponse. Za kugula wokwera mtengo, ndikukana. Mu 2017 wofufuza wina, Jeroen Breebaart, anaunika miyezo ya mitundu 283 ya mahedifoni ndipo sanapeze mgwirizano weniweni pakati pa mtengo wake ndi momwe amagawira mawu apansi, apakati ndi okwera. Ndalama zambiri zikhoza kundigulira zipangizo zolimba kapena batire yokhalitsa, koma sizinditsimikizira kuti ndidzamva bambo wachikulire uja bwinobwino. Ndinapweteka mtima kuona kuti munthu amene wadandaula kuti analangizidwa molakwika akuuzidwa kuti awonjezere ndalama.

Lamulo lanu la bokosi lotsekula ndi limene sindikulimvetsa n'komwe. Ndikudziwa kuti pali nkhani ya ukhondo, makamaka pa timahedifoni tolowetsa m'khutu. Koma awa ndi ophimba kunja, ndipo makhushoni ake amachotsedwa n'kuikapo ena. Kamvekedwe ka mahedifoni munthu sangakadziwe bokosi lili chitsekere. Ngati njira yokhayo yodziwira kuti katundu akundiyenera ndi yomweyo imene ikundilanda ufulu womubweza, ndiye kuti chiopsezo chonse mwachisenzetsa ine, pamene amene analemba kuti "aliyense" ndi inu.

Pempho langa ndi lakuti mulandire mahedifoniwa n'kundibwezera ndalama zanga zonse. Ngati zimenezo zili zovuta, ndilola kusinthitsa ndi mtundu wina umene besi yake ndi yochepa ndipo mawu apakati ali poyera, koma pokhapokha mutandilola kuwayesa pa ntchito yanga kaye ndi kuwabweza ngati nawonso sakundiyenera.

Ndikupemphanso, ndipo ichi ndikuchiona chachikulu kuposa ndalama zanga, kuti muchotse mawu aja akuti ndi oyenera aliyense. M'malo mwake lembani zoona: kuti besi yake ndi yamphamvu, kuti angasangalatse okonda nyimbo zovina ndi omvera ali paulendo, ndiponso kuti amene amamvera kwambiri zolankhula, makwaya kapena zoimbira zosagwiritsa ntchito magetsi aganizire mitundu ina. Simutaya kasitomala polemba choncho. Mwana wanga akanawerenga mawu amenewo akanagula msangamsanga, ndipo ine ndikanasankha china mwa katundu wanu yemweyo. Ngati opanga anakupatsani chithunzi cha miyezo ya kamvekedwe, chiikeni pamene ogula angachione. Antchito anu aphunzitseni kufunsa mafunso ochepa asanalangize munthu: mumamvera chiyani, mumamvera kuti, kwa maola angati, mumavala magalasi kodi? Mnyamata uja akanandifunsa zimenezi ndisanagule, bwenzi kalatayi kulibe. Vuto si iye, anangonena zimene anauzidwa.

Mahedifoniwa ndawapukuta n'kuwabwezera m'bokosi lake pamodzi ndi waya, chotchajira ndi timapepala tonse. Alibe pokalika. Ndikuyembekezera yankho lanu lolemba pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwalandira kalatayi, lonena komwe ndiwatumize ndi tsiku limene ndalama zanga zibwezedwe. Nthawi imeneyi ikadutsa popanda yankho, nkhaniyi ndikayitula ku bungwe loona za ufulu wa ogula, pamodzi ndi chithunzi cha mawu amene munalemba otsatsa malondawa.

Ine wanu,

Kasitomala wodandaula