Mafuta otayikira m'dothi la gypsum

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze akatswiri a zomangamanga za dothi lokhala ndi gypsum wambiri (gypsum ndi mtundu wa mwala wofewa womwe umasungunuka pang'onopang'ono m'madzi), monga lomwe limapezeka m'madera ambiri a dziko la Iraq. Dothili likauma limaoneka lolimba, koma lita imodzi ya madzi imasungunula pafupifupi magalamu 2 a gypsum, kotero kuti likanyowa limatitimira mwadzidzidzi. Mafuta ochokera m'mapaipi kapena m'matanki akatayikirapo, amakuta timiyala ta dothilo ndipo kusungunukako kumachepa. Ena angati ndi mwayi, koma ine zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mafutawo amachititsa kuti timiyalato tiziterereka, ndipo dothi limataya mphamvu yake yonyamula maziko a nyumba. Ndikupempha kuti malo otere azipimidwa kaye asanamangepo chilichonse.

Ine wowerenga wanu.