Khofi wopanda shuga ndi chakukhosi changa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo za kuwawa. Sabata yathayi mwana wanga wazaka zinayi anandibera khofi patebulo, ndiye poti ine ndimamwa wopanda shuga atangopsontha pang'ono nkhope yonse inakwinyika n'kundilavulira pamalaya, kenako akundiyang'ana ndi diso loti adadi mwandichita chipongwe dala. Ndinaseka kwambiri koma usiku wake tulo sitinabwere msanga, ndimadzifunsa kuti kodi ineyo ndinayamba liti kukonda chinthu chomwe kamwa la mwana likuchikana chonchi.

Mwanayo sanalakwitse ayi. Zomera zambiri zapoizoni zimawawa, ndiye lilime limakhala tcheru ngati mlonda. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 25 ya tizinthu tomvera kuwawa mkamwamu pomwe komvera kutsekemera ndi kamtundu kamodzi basi, mukuona nokha komwe thupi linaika mantha ake. Paja zija tinkajambula kusukulu zoti kuwawa kumamveka kumbuyo kwa lilime kokha, kutsekemera kunsonga, zija sizoona, zinachokera pa kafukufuku wa David Hänig wa ku Germany wa mu 1901 yemwe anthu anangomumva molakwika. Lilime lonse limamva zonse.

Komanso sikuti tonse timamva mofanana. Mu 1931 katswiri wa makemiko Arthur Fox wa kampani ya DuPont ku America amathira ufa wina wotchedwa PTC m'botolo, ufa uja n'kuuluka, mnzake anayamba kudandaula kuti mkamwa mukuwawa koopsa pomwe Fox mwiniwake samamva kalikonse. Atayesa anthu ambiri zinapezeka kuti n'zakumtundu, ena amabadwa akumva ena ayi. Ndiye mukamakangana ndi akunyumba kuti ichi chikuwawa iwo akuti sichikuwawa, mwina palibe akunama.

Chondidabwitsa ine n'choti tikakula timapita dala kukagula zomwe mlonda uja akutiletsa. Khofi, tiyi wakuda bii, mowa womwe amathiramo hops kuti uziwawa, tonic. Tonic uja kuwawa kwake ndi kwinini, wochokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa kumapiri a Andes, ndipo anthu awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndi amene anamupatula m'makungwamo mu 1820. Angerezi ali ku India amamwa kwininiyo poopa malungo ndiye poti samamezeka anayamba kusakaniza ndi shuga, soda ndi gin, mapeto ake mankhwala anasanduka chakumwa cha pachisangalalo. (Chonde wina asamve molakwika, tonic wa masiku ano kwinini wake ndi wochepetsetsa sangachize malungo, pitani kuchipatala.) Angostura bitters yomwe amadontheza m'zakumwa ija nayonso inayamba mu 1824 ngati mankhwala a m'mimba, anapanga ndi dokotala Johann Siegert yemwe amathandiza asilikali a Simón Bolívar, mtsogoleri womenyera ufulu, ku Venezuela.

Ine mmene ndikuonera palibe amene amakonda kuwawa pachabe. Timakuzolowera chifukwa kumbuyo kwake kumabwera malipiro, khofi amakutsegula m'maso, mowa umakumasula, ndiye ubongo umaphunzira kuti kuwawaku ndi belu chabe loti zabwino zili m'njira. Pomwe palibe malipiro sitizolowera olo pang'ono. Pali kemiko ina yotchedwa Bitrex yomwe inapezeka ku Edinburgh mu 1958, yowawa kuposa zonse zodziwika, amaithira m'mankhwala otsukira m'nyumba kuti ana asamwe ndipo a Nintendo amaipaka pa timakadi tamagemu kuti mwana akaika mkamwa alavule. Simudzamva munthu akuti ndipatseni kapu ya Bitrex.

Apa ndi pomwe ndinafika pa nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi. Chichewa chathu chinachenjera, mawu amodzi omwewo timati mankhwala akuwawa, tsabola akuwawa, mutu ukuwawa, mtima ukuwawa, ndipo tikamusungira munthu timati tili naye chakukhosi, ngati kuti ndi chinthu chomwe chinakana kumezeka. Ine chakukhosi ndili nacho, ndivomere. Komwe ndinkagwira ntchito kale ndinakhalako zaka zambiri, ndinaphunzitsa mnyamata wina ntchito yonse kuyambira potsegula kompyuta, mpando utapezeka anampatsa iyeyo ine ndinangomva pamsonkhano anthu akuwomba m'manja ndipo nane ndinawomba nawo ngati chitsiru. Miyezi yoyamba kunali kuwawa kwenikweni, chakudya chimandikanika, ndipo kuwawa kumeneko sindikudandaula nako, kunali mlonda uja akundiuza kuti apa pali poizoni choka, ndipo ndinachokadi.

Koma abale patha zaka zisanu tsopano ndipo nkhaniyo ndimaikambabe. Ntchito ndili nayo ina yabwinoko, bwana uja mwina anandiiwala kale dzina, koma mlendo akangobwera kunyumba ndimapeza njira yoti nkhani ikhotere komweko, ndipo ndazindikira kuti ndikamaifotokoza ndimamva kukoma. Ndimadziwa poti ndipumire, poti ndipukuse mutu, poti omvera anene kuti aaa koma anakulakwirani. Malipiro ake ndi amenewo, m'nkhani imeneyi wolungama ndimakhala ine nthawi zonse ndipo sindifunika kudzifunsa ngati panalinso pomwe ineyo ndinaperewera. N'chimodzimodzi khofi wa m'mawa, tsiku likadutsa osaikumbukira ndimamva ngati pali chomwe chasowa.

Si ine ndekha. Dokotala wa maganizo wa ku Berlin, Michael Linden, mu 2003 anafotokoza vuto la anthu omwe achitiridwa zopanda chilungamo kamodzi, kawirikawiri kuntchito kapena m'banja, n'kukhala owawidwa mtima zaka ndi zaka mpaka moyo wonse kuima. Ambiri mwa omwe iye amawaona anali oti moyo wawo unasokonekera mayiko awiri a Germany ataphatikizana kukhala dziko limodzi mu 1990, ntchito zawo kutha, maphunziro awo kusanduka opanda ntchito. Anthu otere kuwauza kuti ingokhululukani kumangowonjezera moto, chifukwa kwa iwo kusiya mkwiyo kuli ngati kuvomera kuti zomwe zinachitikazo zinali bwino. Ichi ndimachimvetsa bwino, aliyense amene anandiuzapo kuti iwalani ndinamuwonjezera pa mndandanda wa adani.

N'chifukwa chake alangizi onse omwe amathamangira kunena kuti kuwawa mtima ndi poizoni tayani, ndimaona ngati amaphonya. Palibe amamwa poizoni tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu. Munthu amamwa chomwe chikumupatsa kenakake, ndiye m'malo momukalipira mufunseni kuti akupezamo chani.

Mkazi wanga sanawerengepo za Linden koma dzulo nditangoyamba kuti paja nthawi ija ku ofesi kuja, anadzuka osayankha n'kukatenga shuga kudzamuika patsogolo panga, ana n'kuyamba kuseka. Nkhani sindinaimalize. Shugayo sindinathire.

Ine wanu,
Wowerenga wokhulupirika