Mapilisi akulera si obwerekana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mapilisi akulera aja a mahomoni awiri, estrogen ndi progestin, chifukwa azimayi ambiri akungopatsana ngati mankhwala a mutu, mnzako akangoti ine amandiyanja iwe nkuyamba kumwa basi osayezetsa olo BP.

Chonsecho estrogen uja amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha, ndiye alipo anthu oti sayenera kumwa. Mayi wosuta fodya amene wafika zaka 35, wa BP yokwera, amene anadwalapo sitiroko kapena khansa ya m'mawere, komanso uja amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zothwanima kapena timizere m'maso. Woyamwitsa mwana wosakwana miyezi 6 naye amamupatsa njira ina poti estrogen amatha kuchepetsa mkaka. Zonsezi namwino amafunsa kamphindi kochepa chabe, nanga mnzako uja angakufunse zimenezi?

Pena pomwe zimavuta ndi kamwedwe. Pilisi ndi la tsiku lililonse, kaya bambo alipo kaya ali kuulendo, osati kumwa tsiku lokhalo mwakhalira limodzi ayi. Mwa azimayi 100 omwa mosadumphitsa, otenga mimba pachaka sakwana ndi mmodzi yemwe, koma mmene timamwera anthufe moiwalaiwala amafika 7. Mukaiwala limodzi imwani pomwe mwakumbukirapo olo akhale awiri tsiku limodzi, mukadumphitsa masiku angapo otsatizana pitirizani kumwa koma kondomu ikhalepo masiku 7. Mwasanza pasanathe maola awiri chimwereni pilisi, imwani lina. Ndipo paketi ya mapilisi 28 ija ikatha mawa lake yambani ina, ambiri amagwa pomwepa chifukwa chodikira kuti msambo uthe kaye.

Amene muli pa mankhwala a TB a rifampicin kapena ena a khunyu ngati carbamazepine muziwauza achipatala, amenewa amafooketsa mphamvu ya mapilisi. Zija zoti mapilisi akulera amaunjikana m'mimba kapena amatseka chiberekero ndi bodza lamkunkhuniza, mukasiya kumwa mutha kutenga pakati posakhalitsa. Koma ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana sateteza olo pang'ono.

Mseru ndi kudontheza timagazi miyezi yoyambirira zimachitika ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Koma mwendo umodzi ukatupa nkumapweteka, kapena pachifuwa pakamabaya ndi kubanika, osadikira kuti kuche, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti mukumwa mapilisi akulera.

Wowerenga wanu