Musaiwale za silikoni mukamalemba za ma fuel cell

A Mkonzi,

Nkhani za ma fuel cell, makina opanga magetsi pophatikiza mafuta monga hydrogen ndi okosijeni popanda kuyatsa moto, zikatuluka zimangokhala zoyamikira basi, eti magetsi aukhondo, koma palibe amene amafunsa kuti makinawa atha zaka zingati asanafooke. Ndikunena makamaka a mtundu wa solid oxide, opangidwa ndi seramiki, otentha madigiri Celsius 600 mpaka 1000, omwe ku Japan ena anaika kale m'nyumba zawo.

Mbali yolowera mpweya, yotchedwa cathode, ndi ngati mphuno ya selo yonse. Okosijeni wamumpweya amafikira pamenepo, amalandira ma electron kenako nkudutsa mu electrolyte, kachikhoma kolekanitsa mbali ziwirizi, kupita mbali ya mafuta. Nde pamwamba pakepo pakangoda, selo imabanika, magetsi amayamba kuchepa pang'onopang'ono inu osadziwa kuti chalakwika nchani.

Ambiri amaloza chala chromium wochokera kuzitsulo zolumikiza maselo, ndipo nzoona amaononga. Koma silikoni, yemwe amapezeka mu mchenga ndi mu galasi, naye sagona. Chondiwawa ine nchakuti amachokera mu zinthu zomwe opangawo amaikamo okha, galasi lomatira kuti mpweya usatuluke, zotchingira kutentha, ngakhale mu ufa weniweniwo wopangira cathode ngati sunayeretsedwe bwino. Mpweya ukakhala ndi chinyezi zimanyanya chifukwa nthunzi yotentha imanyamula silikoniyo nkukamutula pa cathode pomwepo, ndipo pa cathode za LSCF (zosakaniza lanthanum, strontium, cobalt ndi chitsulo) strontium amakonda kutulukira pamwamba, nde akakumana ndi silikoni amapanga kachikopa kopyapyala koti ndi maso simungakaone koma okosijeni kudutsa kumavuta. Sizifuna wambiri ayi.

Makina oyima malo amodzi amayembekezeka kugwira maola osachepera 40,000, zomwe ndi zaka zoposa 4 osazima. Kuyesa kwa masabata ochepa mu labu yaukhondo, ndi mpweya wouma, kungatiuze chani za zimenezi?

Sikuti palibe chochita. Mu 2022 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti silikoni amapangitsa pamwambapo kukhala pa asidi, ndipo atathirapo pang'ono lithium oxide, mankhwala ochepetsa asidi, zinthu zomwe zinali zitafooka zinayambanso kugwira bwino. Zinali za mu labu, komabe zikuonetsa kuti poizoniyu atha kubwezedwa.

Nde chonde atolankhani anu akamacheza ndi ogulitsa makinawa aziwafunsa kuti anamata ndi galasi lanji, mpweya wolowa amaumitsa kapena ayi, ndipo pakatha chaka mphamvu imatsika bwanji.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda za magetsi